Za Kuyesa Nchito Kuyambira Kumutu Kufikira Kumcira

Masiku ano ndalama zathu zambiri ziyenda m'njira zimene maso athu sazipenya. Mwana ali ku nchito kutali atumiza ndalama pa lamya ya m'manja, ndipo amai ace kumudzi amva kaphokoso m'thumba, napita pamsika kukazilandira. Mphunzitsi ndi namwino alandira malipiro ao ku banki, osaona dzanja la munthu wakuwawerengera. Mlimi akagulitsa fodya wace, pepala lomuuza za mtengo wace lituruka m'makina. Zonsezi tazizolowera, kotero kuti sitifunsanso kuti, Kodi ndani anayamba waona kuti makinawa awerenga bwino? Lero tifuna kukamba za funso limeneli. Pakuti alipo anthu amene nchito yao yonse ndiyo kuyesa makina otere asanayambe kugwira ndalama za anthu. Ndipo iwo akalephera, kapena akuru ao akakana kuwamvera, woyamba kulira sakhala mwini makina ai, koma munthu wamng'ono wokhala kumapeto kwa njira.

Tiyambe taona cimene ciyesedwa. Kampani yaikuru, kaya ndi banki, kaya ndi ya malonda, ifanana ndi mudzi wa nyumba zambiri. M'nyumba yina agula katundu, m'yina amsunga, m'yina amgulitsa, m'yina awerenga ndalama, ndi m'yina alipira anchito. Kale nyumba iri yonse inali ndi kalaliki wace ndi buku lace, ndipo mesenjala anali kuyenda ndi mapepala kucokera pa tebulo ili kunka pa ilo. Lero mabuku aja alowa m'makompyuta, ndipo malamulo onse amene kalaliki anawasunga m'mutu mwace alembedwa m'cinenero cimene kompyuta icimva. Malamulo olembedwa cotero ndiwo amene timati pulogalamu. Alipo makampani ena amene nchito yao ndiyo kupanga mapulogalamu akuru oyendetsera makampani anzao. Imodzi yomveka ndiyo SAP, imene inayambidwa ku Germany m'caka ca 1972 ndi amuna asanu ocokera ku kampani ya IBM.

Koma dziwani ici, kuti pulogalamu ya kampani yaikuru siiri cinthu cimodzi copangidwa ndi munthu mmodzi. Iri ndi zigawo zambiri, zolembedwa ndi anthu ocuruka amene ena a iwo sanaonane nkhope. Cigawo cina cinalembedwa kale lomwe, cina dzulo; cina m'dziko ili, cina kutsidya kwa nyanja; ndipo cina siciri ca kampaniyo konse, koma ca banki, kapena ca Boma lokhometsa msonkho. Munthu akagula cinthu cimodzi, uthenga wa kugulako upyola zigawo zonsezi, cina kupatsira cinzace. Ndipo kawiri kawiri bvuto lalikuru silikhala m'kati mwa cigawo, koma pamene ziwiri zikomana.

Tifanizire ndi ngalande. Amuna asanu apangana kukumba ngalande yotengera madzi kumtsinje kunka nao ku madimba, nagawana ndime. Yense akumba ndime yace mwaluso, naisalaza bwino. Ndipo nyakwawa akadza kudzaona, sadzapeza cifukwa pa ndime iri yonse. Koma kapena ndime ya wacitatu yayamba pamwamba pang'ono kuposa pamene ya waciwiri yathera. Kapena wacinai anakhotera kumanzere pamene wacisanu anamyembekeza kumanja. Zimenezi sizioneka poyang'ana ndime payokha. Njira yace ndi imodzi yokha: kutsegula madzi kumtsinje, ndi kuyenda nao kufikira alowe m'dimba lotsiriza. Momwemo amisiri a makompyuta ali nao mayeso a mitundu itatu. Oyamba ayesa kacigawo kamodzi pakokha; aciwiri ayesa zigawo ziwiri kapena zitatu polumikizana pao; acitatu ndiwo atsegula madzi kumtsinje. Awa acitatu m'Cingerezi amati end-to-end testing, ndiko kunena kuyesa kuyambira kumutu kufikira kumcira, ndipo ndiwo tirikunena lero.

Poyamba nchito imeneyi inacitidwa ndi manja. Woyesa anakhala pamaso pa kompyuta ndi pepala la malangizo, nadzisandutsa wogula, nalemba dzina, nadina mabatani limodzi limodzi, nayang'ana ngati zoturuka zifanana ndi zoyembekezeka. Pulogalamu ikadamangidwa kamodzi kokha ndi kukhala comweco masiku onse, njira iyi ikadakwanira. Koma pulogalamu isinthidwa kosalekeza: Boma lasintha msonkho, kampani yaonjezera malonda atsopano, cirema cina capezeka nicikonzedwa. Ndipo cosautsa ndi ici, kuti pokonza pano ukhoza kuononga uko kumene kunali bwino, monga munthu wopala ndime yace ya ngalande atumiza matope kukatseka ndime ya mnzace. Cifukwa cace pa kusintha kuli konse kuyenera kuyesanso zonse zakale. Tsono munthu angabwereze ulendo womwewo kangati asanatope? Ife amene ticonga mabuku a ana a sukulu tidziwa kuti diso likapenya samu imodzimodzi nthawi yaitali, liyamba kuona cimene liyembekeza, osati cimene calembedwa.

Potero amisiri anati, Tiyeni tilembe pulogalamu yina, nchito yace ikhale kuyesa inzace. M'caka ca 2004 mmisiri wina dzina lace Jason Huggins, wa kampani ya ThoughtWorks m'mzinda wa Chicago, anatopa ndi kuyesa ndi manja pulogalamu yolembamo maora a anchito ndi ndalama zimene anagwiritsa pa nchito yao. Napanga cida cimene cidina mabatani ndi kulemba mau pa tsamba la intaneti monga acitira munthu. Cidaco cinapatsidwa dzina la Selenium, ndipo cinaperekedwa kwaulere kwa onse ocifuna. Pambuyo pace panadza zina zofanana naco, monga Cypress, ndi Playwright imene kampani ya Microsoft inaiturutsa m'caka ca 2020.

Kacitidwe kace nkotere. Munthu woyesa alemba ulendo wonse tsatane tsatane, pamodzi ndi mafunso ofunsa pa malo ali onse. Auza makina kuti, Tsegula tsamba la malonda, lowa m'dzina la wogula wakuti, itanitsa matumba 10 a simenti, lipira. Tsono pita ku buku la mosungira katundu: ngati munali matumba 100, kodi atsala 90? Pita ku buku la ndalama: kodi zalowa zonse, ndipo msonkho wapatulidwa pa muyeso wace? Kodi woyendetsa galimoto walandira cikalata conena kumene akatule katunduyo? Kodi wogula walandira lisiti lokhala ndi ciwerengero comweco? Yankho limodzi likasiyana ndi loyembekezeka, ngakhale ndi tambala imodzi, ulendo wonse uwerengedwa wolephera. Wogulayo ndi wongopeka, ndi ndalama zomwe nzongopeka. Pakuti mayeso acitikira m'cifaniziro ca kampani comangidwa padera, kuti cuma ca anthu eni eni cisakhudzidwe. Koma cifaniziroco ciyenera kufanana ndithu ndi ceni ceni. Cikapanda kutero, mayeso anena za nyumba yina, osati imene anthu adzalowamo.

Maulendo otere alembedwa ambiri: wa wogula, wa wobweza katundu woonongeka, wa wanchito wolandira malipiro pakutha pa mwezi, wa wotseka mabuku pakutha pa caka. Usiku anthu ali m'tulo, kapena nthawi iri yonse mmisiri akasintha ngakhale mzere umodzi, makina ayenda maulendo onsewa. M'mawa pa galasi la kompyuta paoneka mndandanda: ulendo wopita bwino uli wobiriwira, wolephera uli wofiira. Ndipo lamulo la makampani osamala ndi lakuti, pakakhala cofiira, zatsopano zisaturuke kunka kwa anthu. Aliponso mayeso ena a katundu wolemera, m'mene makina adzisandutsa anthu zikwi zambiri olowa nthawi imodzi, kuti kuoneke ngati ulalo umene unapirira munthu mmodzi udzapirira khamu.

Kapena wina adzati, Kodi zonsezi si kutaya nthawi ndi ndalama? Imvani za banki ya TSB ya ku Britain. Bankiyi inagulidwa m'caka ca 2015 ndi banki ya Sabadell ya ku Spain. Ndipo eni atsopano anafuna kucotsa mabuku onse m'makompyuta a banki ya Lloyds, m'mene anali kusungidwa pa mtengo waukuru, ndi kuwaika m'pulogalamu yao yatsopano. Kusamukako kunacitika pa masiku a 20 kufikira 22 April 2018. Mabuku anafika bwino. Koma pamene anthu anayamba kulowa, makomo anakanika. Anthu ngati 1,900,000 sanathe kufikira ndalama zao pa lamya kapena pa intaneti. Ena potsegula anaona ndalama za munthu wina wosamdziwa; mbala zinapezerapo danga nizinyenga ambiri; ndipo eni malonda ang'ono anasowa polipira anchito ao. Zinthu sizinabwerere m'malo mwace kufikira December caka comweco.

Ofufuza anapeza zifukwa zambiri, koma cimodzi ciyenera kuti ticisunge. Makompyuta akuru a bankiyo anali m'nyumba ziwiri, zimene zinayenera kufanana m'zonse ndi kugwira nchito pamodzi. Koma mayeso a katundu wolemera anacitidwa m'nyumba imodzi yokha. Ndipo bwino lace kunapezeka kuti nyumba ziwirizo sizinalinganizidwe mofanana. Madzi anatsegulidwa inde, koma sanayende ngalande yonse. Mkuru wa bankiyo, Paul Pester, anatula pansi udindo wace mu September 2018. Bankiyo inataya mapaundi ngati mamiliyoni 330. Ndipo mu December 2022 oyang'anira mabanki a ku Britain anailipitsa mapaundi 48,650,000. Masabata owerengeka a kuyesa akadaoneka okwera mtengo pa nthawi ija, koma akuru anati, Madzi akatayika saoleka.

Koma tisaganize kuti woyesa wa makina ndiye mankhwala a nthenda zonse. Ali nazo zofooka zace, ndipo tinena ziwiri. Coyamba, ulendo wautali utenga nthawi, ndipo uthyoka msanga. Batani likangosunthidwa pamalo pace, kapena tsamba likacedwa kutseguka, mayeso afiira popanda cirema ceni ceni. Garu akamauwa tsamba liri lonse lakugwa, eni ace aleka kudzuka, ndipo usiku wa mbala agona tulo tofa nato. Momwemo amisiri akazolowera cofiira conama, aleka kusamala ngakhale coona. Ndiponso ulendo wautali ukalephera, ungonena kuti madzi sanafike, osanena ndime imene atsekeka. Cifukwa cace Mike Cohn, m'buku lace la m'caka ca 2009, analangiza kuti mayeso aumbidwe monga culu: patsinde pakhale mayeso ang'ono ambiri ofulumira, pakati ocepako, ndi pansonga maulendo aatali owerengeka, osankhidwa bwino, a njira zimene zikatsekeka anthu adzasauka nazo.

Caciwiri ndico cacikuru: makina afunsa mafunso okhawo amene munthu anawaphunzitsa. Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands, anacenjeza kale pafupi ndi caka ca 1970 kuti kuyesa kukhoza kuonetsa kuti cirema ciripo, koma sikungathe kutsimikiza kuti palibe. Mphunzitsi akafunsa ana mafunso okhawo amene adziwa kuti adzayankha, onse apambana, ndipo iye atamandidwa. Koma ana aja sanayesedwe konse. Momwemo mndandanda wobiriwira wonse ukhoza kukhala cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Woyesa wanzeru ndiye wofunsa mafunso osakondweretsa. Nanga munthu akadina batani kawiri? Nanga magetsi akazima, ndalama zitacoka uku koma zisanafike uko? Nanga munthu wosayenera akayesa kufafaniza malipiro m'buku, kodi pulogalamu imkana? Nanga tsiku la 29 February, lakudza kamodzi pa zaka zinai? Ndipo funso lotsirizali si lacabe. Pakuti pa tsikulo m'caka ca 2024 makina ambiri olipirira mafuta a galimoto ku New Zealand analeka kulandira malipiro, popeza pulogalamu yao sinalidziwe tsikulo.

Tsono tifike pa nkhani imene itiwawa mtima koposa. M'caka ca 1999 Post Office ya ku Britain inayamba kuika m'mapositi ofesi ace pulogalamu yowerengera ndalama dzina lace Horizon, yopangidwa ndi kampani ya ICL, imene inali m'manja mwa Fujitsu. Oyang'anira mapositi ofesi ang'ono a m'midzi anali anthu wamba, ambiri a iwo eni masitoro, odziwika ndi okhulupirika pakati pa anzao. Ndipo anakakamizidwa kuti ndalama zikaperewera, azibweza za m'thumba mwao. Posacedwa Horizon inayamba kuonetsa kuti zasowa ndalama zimene sizinasowe. Cimodzi ca zirema zace cinadziwika m'caka ca 2015 ku Dalmellington, mudzi wa ku Scotland. Kumeneko mapaundi 8,000 anatumizidwa kucokera ku ofesi kunka ku kanthambi kace. Pobvomereza kuti ndalamazo zafika, galasi la kompyuta silinaonetse kuti nchito yatha, ndipo wolandirayo anadinanso batani; ndipo pa kudina kuli konse pulogalamu inalemba kuti ndalama zalandiridwanso. Zinalembedwa kanai, buku linanena mapaundi 32,000, ndipo mapaundi 24,000 amene sanakhalepo ndi kale lonse anaoneka ngati asowa. Onani kuti cirema cinali pa mfundo yolumikiza maofesi awiri, ndi kuti funso locipeza linali lapafupi: Nanga munthu akadina kawiri?

Koma cirema ca makina cikadakhala cacing'ono pakadapanda cirema ca anthu. Oyang'anira aja podandaula, ambiri anauzidwa kuti ndi iwo okha ali nalo bvutolo, ndi kuti makina ali bwino. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 anatsutsidwa pa milandu ya kuba ndi kulemba zonama m'mabuku. Ena analowa m'ndende, ena anagulitsa nyumba zao kuti abweze ngongole yosakhalapo, ena ananyozedwa m'midzi mwao momwe, ndipo ena anadzipha. Alan Bates, mmodzi wa iwo ocotsedwa nchito, anasonkhanitsa anzace, nakwana 555, napita ku bwalo lalikuru la milandu ku London; ndipo mu December 2019 woweruza Peter Fraser anagamula kuti Horizon inalidi ndi zirema zambiri zokhoza kusokoneza mabuku. Mu April 2021 bwalo la apilo linafafaniza ziweruzo za anthu 39, ndipo m'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lomasula ena ocuruka. Koma ndani adzabwezera munthu zaka 20 za dzina lace labwino? Mayeso akadakhala ocuruka bwanji, sakadapulumutsa anthu awa ngati olandira zoturuka zace anakonda kuteteza mbiri ya makina koposa kumva wodandaula.

Kodi ife a kumudzi titengepo ciani? Sitilemba mapulogalamu ai, koma tikhala kumcira kwa ngalande. Coyamba, tisunge umboni wathu: lisiti, uthenga wa pa lamya, ndi kabuku kathu kolembamo tsiku ndi ciwerengero. Tsiku la mlandu kabuku kotere kalankhula pamene pakamwa pathu sipamveka. Caciwiri, ciwerengero ca makina cikasiyana ndi mau a munthu amene tamdziwa zaka zambiri, kaya ndi msungi cuma wa banki m'khonde, kaya wotumizitsa ndalama pamsika, tisafulumire kumnenera kuti ndi mbala. Kapena waba, kapena sanabe. Tipemphe kuti nkhaniyo ilondoledwe kuyambira pamene ndalama zinacoka kufikira pamene zinayenera kufika. Makina sanama dala, koma alakwa. Ndipo akalakwa, abwereza kulakwa komweko osatopa ndi osacita manyazi. Cacitatu, tikadandaula ku banki kapena ku ofesi, natiyankha kuti, Kompyuta yatero, tidziwe kuti limenelo si yankho lokwanira. Tinene mwaulemu koma molimbika kuti, Conde bwana, taonaninso.

Ndipo kwa anyamata ndi asungwana athu amene alikuphunzira za makompyuta tinena kuti, Musapeputse nchito ya woyesa. Womanga atamandidwa tsiku lotsegulira nyumba; koma woyesa akagwira bwino nchito yace palibe womchula dzina, popeza coipa sicinacitike. Kawiri kawiri adedwa, pakuti ndiye wonena kwa akuru ofulumira kuti, Sicinakonzeke, tabadikirani. Nchito imeneyi ifuna munthu wodekha, wosaopa nkhope ya munthu, wokumbukira kuti kuseri kwa ciwerengero ciri conse kuli munthu wokhala ndi banja lace. Makina adzamthandiza kuyenda usiku umodzi maulendo amene iye sakadatha pa mwezi wathunthu. Koma kusankha mafunso, ndi kunena zoona pamene yankho laturuka lofiira, zimenezi ziri pa iye mwini. Zimene zinagwera anthu a ku Britain zisakhale kwa ife nthano ya kutali, pakuti mapulogalamu a mtundu womwewo alowa kale m'mabanki ndi m'maofesi a dziko lathu. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.